Momwe makolo a ku Malawi okhala ku Johannesburg angathandizanirane ndi sukulu pa nthawi ya mliri

Sukulu za ku South Africa zitatsekedwa pa 18 March 2020 chifukwa cha COVID-19, ambiri mwa ife makolo a ku Malawi okhala ku Diepsloot, Cosmo City, Alexandra ndi Rosettenville tinazindikira mochedwa kuti sitinkadziwana ndi aphunzitsi a ana athu. Ine ndemwe, uthenga wakuti ndikatenge mapepala oti mwana wanga aziwerenga kunyumba unapita ku nambala ya foni imene ndinali nditasiya kale, ndipo ndinamva za mapepalawo kwa mnansi patatha milungu itatu. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa sindinapite kukasinthitsa nambalayo. Choncho ntchito yoyamba ndi imeneyi, ndipo ichitike matenda asanabuke: pitani ku ofesi ya sukulu, muonetsetse kuti ali ndi nambala yanu yolondola, komanso muwapatse nambala yachiwiri ya m'bale kapena mnzanu amene angakupezeni msanga mukakhala kuntchito.

Ndikudziwa kuti ena amaopa kufika pa ofesiyo chifukwa mapepala awo okhalira m'dziko muno sali bwino. Manthawo ndi omveka, koma mu December 2019 khoti lalikulu la mumzinda wa Makhanda, kuno ku South Africa, linagamula kuti mwana sangachotsedwe kapena kukanizidwa sukulu chifukwa chosowa mapepala. Kholo limene limazemba aphunzitsi ndi limene limamva nkhani ya matenda pomaliza, ana a anzake atalandira kale katemera kapena chakudya.

Chachiwiri ndi kusankha mkhalapakati. Makalata a kusukulu amabwera m'Chingelezi, ndipo pamisonkhano anthu amalankhula Chizulu kapena Chisuthu mothamanga, moti kholo limene langofika kumene limagwedeza mutu koma silinamve kanthu. Makolo a ku Malawi amene ana awo ali pasukulu imodzi asankhe anthu awiri omva bwino zilankhulozi, akawaonetse kwa ahedi ndi kwa komiti yoyendetsa sukulu imene kuno amaitcha SGB. Malinga ndi lamulo la sukulu la 1996, makolo ndi amene amakhala ochuluka mwa ovota mu komitiyi, choncho kupita kwa iwo si kupempha chifundo. Awiriwa atsegule gulu la pa WhatsApp ndipo kalata iliyonse ikabwera aijambule, kenako aifotokoze m'Chichewa pa uthenga wa mawu, chifukwa munthu amene akugwira ntchito m'dimba la abwana amatha kumvetsera koma sangakhale pansi kuwerenga. Gululo likhale ndi lamulo lolimba lakuti muziikidwa zokhazo zochokera kusukulu, kukiliniki, ku unduna wa zaumoyo kapena ku bungwe la NICD lomwe limalondoloza matenda opatsirana. Uthenga womwewo ungalengezedwenso kutchalitchi, kumzikiti ndi m'magulu athu othandizana pa maliro.

Nkhani ya chakudya ndi imene ndikufuna tiiganizire mofatsa, chifukwa ndi pamene ana anavutika kwambiri. Boma la dziko lino limadyetsa ana pafupifupi 9 miliyoni m'sukulu, ndipo sukulu zitatsekedwa mu 2020 chakudyacho chinaima pa nthawi yomweyo imene maganyu anatha. Thandizo la R350 pamwezi limene boma linayamba kupereka silinkafika kwa Amalawi ambiri. Mu July chaka chomwecho, bungwe lomenyera ufulu wa maphunziro la Equal Education litakasuma, khoti la ku Pretoria linalamula kuti ana oyenera kulandira chakudyachi azidya ngakhale pa masiku amene sakuphunzira. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti sukulu ikatsekedwanso chifukwa cha matenda, mkhalapakati afunse ahedi tsiku lomwelo ngati chakudya chizipitirira, chizigawidwa nthawi yanji, komanso ngati mwana abwere ndi mbale yake. Makolo amene ali panyumba asinthane kuperekeza ana, ndipo alembe mayina a mabanja amene alibiretu chakudya kuti mpingo ndi sukulu zidziwe poyambira.

Chakudya chogula panjira nachonso chimafuna maso. Mu October 2024 ana 6 a ku Naledi, ku Soweto, anamwalira ndi poizoni wa terbufos, mankhwala a kumunda amene ena amagulitsa mobisa kuti aziphera makoswe. Musasunge mankhwala otere m'chipinda chimene mumaphikiramo, ndipo mwana akayamba kusanza, kutuluka dovu ndi thukuta lambiri kapena kubanika atangodya, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena muthamangire naye kuchipatala mutatenga chotsalira cha chimene wadyacho. Malamulo aakulu a dziko lino salola kuti munthu aliyense akanizidwe thandizo la chipatala pa ngozi. Mukatero uzani sukulu, kuti ana ena amene anagula pamalo omwewo afufuzidwe.

Za katemera n'zachidule. Chikuku chitabuka kumapeto kwa 2022, boma linabaya ana kuyambira a miyezi 6 mpaka a zaka 15, ndipo ambiri anabayidwa kusukulu makolo atasaina fomu yovomereza. Fomu yotero ikabwera, isagone m'chikwama cha mwana. Ngati mwana anabadwira kumudzi, tengani buku lake la kusikelo mukalionetse kukiliniki kuti anamwino aone katemera amene anatsala.

Kolera imatikhudza mwa njira yapadera chifukwa cha maulendo athu a pa basi. Mliri wa ku Malawi wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Mu May chaka chomwecho matendawa anapha anthu oposa 20 ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria. Mwana akabwerera kuchokera kutchuthi ali ndi matenda otsekula m'mimba, asapite kusukulu, ndipo aphunzitsi auzidwe zoona. Yambani kumumwetsa madzi a mchere ndi shuga muli m'njira yopita kukiliniki: lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni tating'ono 8 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere. Ngati anzake ayamba kumunyoza kuti Amalawi ndi amene abweretsa matenda, nkhaniyo ipite kwa ahedi mwamsanga, chifukwa kunyozedwa ndi kumene kumachititsa mabanja kubisa odwala.

Nafenso tili ndi zopereka ku sukulu. Madzi amasowa kawirikawiri m'madera ambiri a mzinda uno, ndipo mipopi ikauma zimbudzi za ana zimaipa pa maola ochepa. Makolo angasonkhe ndalama zogulira sopo ndi ndowa zokhala ndi kampopi, n'kusinthana kuima pageti m'mawa kuti ana asambe m'manja asanalowe m'kalasi. Ambiri mwa ife timadziwa kukonza mapaipi, kuwotcherera zitsulo ndi kumanga, ndipo Loweruka limodzi ndi lokwanira kukonza mipopi yodontha ngati komiti ya sukulu yavomereza.

Chovuta kwambiri ndi kusunga mwana wodwala panyumba, pakuti mayi wogwira ntchito ya m'nyumba akajomba tsiku limodzi amataya malipiro a tsikulo, mwinanso ntchito imene. Mabanja atatu kapena anayi oyandikana agwirizane pasadakhale za amene angakhale ndi mwana tsiku lililonse la sabata, ndipo wosamalayo asakhale wokalamba, woyembekezera kapena wodwaladwala. Amene apita kuntchito tsikulo asiye kangachepe ka ndiwo ndi ka thiransipoti yopitira kukiliniki, ndipo mkhalapakati akatenge kwa aphunzitsi ntchito ya m'kalasi imene mwanayo waphonya.