Mukafuna kusintha injini kuno ku Britain, chitani izi kuti galimoto idutse MOT

Injini ikafa, ambiri a ife timaganiza monga tinazolowera kumudzi: tipeze ina yokwana pamalopo, timange mabawuti, ikalira ndiye kuti ntchito yatha. Kuno sizithera pamenepo. Galimoto ikakwana zaka zitatu imayenera kuyesedwa MOT, mayeso oona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, chaka chilichonse, ndipo woyesayo amalowetsa kachipangizo mu ekizozi kuti aone zomwe zikutuluka. Ine ndine makaniko, ndipo zimandiwawa kuona m'bale wathu atataya ndalama zambiri pa injini yolira bwino koma yosaloledwa pamsewu.

Musanapereke ndalama, yang'anani kodi ya injini (zilembo ndi manambala osonyeza mtundu wake), osati kukula kwake kokha. Injini ziwiri za dizilo za malita awiri, za kampani imodzi, zimatha kufanana maonekedwe koma ina ili ya Euro 5, ina ya Euro 6, omwe ndi malamulo oika malire a utsi. Euro 6 inayamba kugwira ntchito pa magalimoto onse atsopano mu September 2015, ndipo zambiri za dizilo za nthawi imeneyo zili ndi thanki ya AdBlue (madzi othandiza kuyeretsa utsi) ndi masensa owonjezera omwe ya Euro 5 ilibe. Kodiyo imadindidwa pa injini penipeni. Itengeni, muipereke kwa wogulitsa, ndipo mumuuze kuti akutumizireni chithunzi cha kodi ya injini yake. Zikafanana, theka la mavuto mwalipewa.

Zikasiyana, apa m'pomwe pali nkhani. Injini ya masiku ano siyenda yokha. Imalamulidwa ndi ECU, kompyuta yomwe imamva kuchokera ku masensa a mpweya, a kutentha ndi a mu ekizozi, n'kumayeza mafuta oti alowe. Mukaika injini ya mtundu wina n'kusiya ECU yakale, kompyutayo imathira mafuta poganiza kuti ikudyetsa injini yomwe inaidziwa kale. Galimoto imatha kuyenda ndithu, koma utsi wake sukhala m'malire. Choncho gulani zonse kuchokera m'galimoto imodzi: injini, ECU, mawaya ake, masensa, catalytic converter (chipangizo choyeretsa utsi mu ekizozi) ngati ili ya petulo, DPF (sefa yogwira mwaye mu ekizozi) ngati ili ya dizilo. Kumbukiraninso kuti ECU imagwirizana ndi kiyi wa galimoto yomwe inachokeramo, ndiye pafunika munthu wa kompyuta yoyenera kuti aziyanjanitse. Pa dizilo zambiri, manambala a ma injector (tizipangizo topopera mafuta mu injini) nawo amafunika kulembedwa mu ECU.

Pa za DPF ndiyankhule mosabisa. Alipo ena omwe angakuuzeni kuti aichotse, aitsegule, achotse zam'kati n'kuiwotchereranso, kuti ntchito itchipe. Musavomere. Kuyambira February 2014 woyesa MOT amayang'ana ngati DPF ilipo, ndipo kuyambira pa 20 May 2018 galimoto ya DPF ikatulutsa utsi wooneka wa mtundu uliwonse, kapena pakaoneka zizindikiro zoti inaseweretsedwa, yalephera. Kupatula lamulo, mwaye womwe DPF imagwira ndi womwe umalowa m'mapapo a ana athu akamapita kusukulu m'mbali mwa msewu.

Malire omwe woyesa amatsata ndi awa. Pa galimoto ya petulo ya masiku ano, injini ikamazungulira pakati pa maulendo 2,500 ndi 3,000 pa mphindi, CO (mpweya wapoizoni) isapitirire 0.2%, HC (mafuta osapsa) isapitirire 200 ppm, ndipo lambda (muyezo wa kasakanikidwe ka mpweya ndi mafuta) ikhale pakati pa 0.97 ndi 1.03. Ikangolira payokha, CO isapitirire 0.3%. Pa dizilo amayeza kuda kwa utsi. Amatsata nambala yomwe kampani inalemba pa kachitsulo ka galimoto, ndipo ngati palibe, malire ndi 0.7 pa galimoto yoyamba kuyenda kuyambira January 2014, ndi 1.5 pa yoyambira July 2008. Nyali ya injini ikakhala yoyaka pa dashibodi, imeneyonso imalepheretsa: pa petulo kuyambira magalimoto a July 2003, pa dizilo a July 2008.

Pali mfundo ina yomwe ambiri saidziwa. Buku la oyesa MOT limati galimoto ya petulo yoyambira September 2002 ikaikidwa injini ina iyesedwe potengera chaka cha galimotoyo, ndipo yoyamba kuyenda nthawiyo isanafike ndi yomwe imayesedwa potengera zaka za injini ngati injiniyo ili yakale kuposa galimoto. Koma udindo wosonyeza zaka za injini ndi wanu, osati wa woyesa. Mukapita chimanjamanja, adzayesa potengera chaka cha galimoto. Ndiye lisiti yokhala ndi nambala ya injini ndi nambala ya galimoto yomwe inachokeramo musaitaye. Musasokonezedwe ndi makanema a ku America: ku California lamulo ndi losemphana, injini iyenera kukhala ya chaka chomwecho kapena yatsopano kuposa galimoto.

Lisiti yomweyo mudzaifuna kwa a DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, chifukwa nambala ya injini kapena kukula kwake zikasintha, muyenera kuwatumizira V5C, chikalata cha kaundula wa galimoto, pamodzi ndi umboni kuti akonze. A inshuwalansi auzeni musanayendetse.

Ntchito ikatha musathamangire ku MOT tsiku lomwelo. Yendetsani galimoto masiku angapo, m'tauni ndi pamsewu waukulu, kuti ngati pali vuto nyali iyake muli ndi mpata wokonza. Kuzimitsa nyali ndi kompyuta pakhomo la galaja sikuchotsa chomwe chinaiyatsa. Onetsetsaninso kuti ekizozi sikutayikira pa malo omwe munalumikiza. Kabowo kakang'ono kamakoka mpweya wakunja, lambda n'kukwera, galimoto n'kulephera pomwe injini ilibe vuto lililonse. Ichi ndimachiona kawirikawiri pa magalimoto osinthidwa injini. Pa tsiku loyesa, fikani injini ili yotentha, chifukwa catalytic converter yozizira siyeretsa utsi.

Okhala ku London, kudutsa MOT sikutanthauza kuti mwapulumuka ULEZ, ndondomeko yolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, yomwe inafika m'madera onse a mzindawu pa 29 August 2023. Kumeneko amafuna Euro 4 pa petulo ndi Euro 6 pa dizilo, ndipo makamera amawerenga nambala ya galimoto, saona zomwe zili pansi pa boneti. Kuika injini ya Euro 6 m'galimoto yolembedwa kuti ndi Euro 5 sikuchotsa pakokha £12.50 ya tsiku lililonse, ndiye ngati cholinga chanu chinali chimenecho, funsani a Transport for London musanagule injiniyo.