Musanapereke kagalu ka bulldog kwa mwini watsopano

Inu amene mukusunga kagalu ka bulldog (mtundu wa agalu a nkhope yamakwinya) kopulumutsidwa podikira kuti kapeze khomo lokhazikika, musakapereke chimanjamanja. Ine koyamba eni atsopano anandibwezera patangotha masiku anayi, ati kakutsegula m'mimba komanso kakulira usiku wonse.

Pano ndimatere. Kukatsala sabata imodzi, ndimaika kansalu kakale pogona pake kuti kalowerere fungo, ndipo tsiku losamuka kagaluko kamapita nako. Ndimalongedzanso chakudya chimene kanazolowera chokwanira masiku 7, n'kuwauza eni atsopanowo kuti azisakaniza ndi chawo pang'onopang'ono. Kusintha chakudya mwadzidzidzi n'kumene kumasokoneza m'mimba, ndiye ndalama zothamangira kwa dokotala wa ziweto zimapulumuka pomwepo. Khadi la katemera lisatsale, pamodzi ndi tsiku limene kanamwa mankhwala a njoka zam'mimba.

Koma chachikulu ndi kapepala kamene ndimalemba pamanja, poti ambiri amangokopeka ndi nkhope ija osadziwa ntchito yomusamalira. Ndimalembapo izi. Mphuno ya bulldog ndi yaifupi, choncho amabanika msanga kukatentha. Aziyenda naye m'mawa kapena madzulo, ndipo lamba akhale wapachifuwa, osati wam'khosi. Makwinya akumaso aziwapukuta ndi kansalu konyowa kenako n'kuumitsa bwinobwino, chifukwa chinyezi chikatsalira mkatimo khungu limanyeka n'kuyamba kununkha. Asamusiyenso yekha pafupi ndi dziwe: mutu ndi chifuwa n'zolemera, kusambira kumamuvuta.

Munthu akawerenga kapepalako n'kuyamba kukanda mutu, sindimukakamiza. Kagaluko kamatsala, n'kudikira wina.