Kaiti mwaizolowera, manje phunzirani upwind

Ngati mwayamba kuima pa bodi osagwa pa kitesurfing (masewera okokedwa ndi kaiti pamadzi), chotsatira ndi upwind, kutanthauza kuyenda cholowera komwe mphepo ikuchokera, apo ayi muzingobwerera wapansi mumchenga kaiti ili m'manja. Kaiti ikhale cha pa 45 digiri, mwendo wakutsogolo muwongole, wakumbuyo upindike, zidendene zikanikize mphepete mwa bodi m'madzi, maso komwe mukupita osati kumwamba ayi. Bala, ndodo yowongolera kaiti, osamangoikokera pamimba, liwiro likachuluka ikankheni pang'ono.

Zodumpha zidikire kaye, ambiri amazithamangira n'kupweteka mawondo. Nthawi yake ikakwana, kanikizani bodi mwamphamvu, tumizani kaiti ku 12 (pamwamba penipeni pa mutu wanu, ngati 12 koloko pa wotchi), kokani bala.

Kuno ku Lusaka nyanja tilibe, ndiye sungani kandalama ka ku Paje, Zanzibar. Madzi ake ndi osaya, mphepo ya Kusi imaomba Juni mpaka Seputembala.