Momwe mungagwiritsire ntchito "stack up against" osachita manyazi ngati ine

Yambani ndi "stack" payekha. Ndi kusanjikiza zinthu, ngati mmene anyamata amaunjikira matumba a chimanga mumsika wa Zomba, thumba pamwamba pa linzake. Mukangowonjezera "up against", za matumba zatha. Apa mukufunsa kuti chinthu ichi, mukachiika pambali pa chinzake, chikuposa kapena chikuchepa.

Ine mpomwe ndinagwa nayo. Ndinkathandiza amalume kugulitsa mpunga wa ku Domasi m'golosale yawo ku Chinamwali. Tsiku lina kunabwera mayi wina wophunzitsa ku yunivesite, anatapa mpunga m'dzanja, kuununkhiza, nkufunsa kuti, "How does it stack up against Kilombero?" Ine kungomva "stack", ndinawatengera kuseri kukawaonetsa mmene timasanjira matumba pamatabwa kuti chinyezi chisalowe. Ndinafotokoza ndi mtima wonse, mpaka za makoswe. Iwo anadikira ndimalize, kenaka anati, "Ayi achimwene, ndimafunsa ngati ukununkhira ngati wa ku Karonga uja." Amalume anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo mpaka lero akandiona amati "Stack wabwera."

Ndiye gwirani ichi: chinthu chimene mukuchiyesacho ndicho chimayamba, chinzake chimabwera pambuyo pa "against". Mpunga wa ku Domasi kutsogolo, Kilombero kumbuyo. Musanene kuti "I stacked up the two prices", womvayo aganiza kuti mwaunjika mitengo pamulu. Poyankha, ngati chikulimba mumati "It stacks up well."

Mukafuna kutsimikiza, onani mu dikishonale pansi pa "stack". Koma samalani ndi aja amayala mabuku pansi m'tauni. Ine ndinagula ya Oxford yotchipa mokayikitsa, kufika kunyumba masamba ena a chilembo S kulibe, ena osindikiza chozondoka. Bola ya pafoni, bandulo yake siyochuluka.

Zotsalazi nzosavuta. "It doesn't stack up" payekha nthawi zambiri amatanthauza kuti nkhaniyo sikumveka, ngati akakupatsani risiti yosagwirizana ndi katundu. Pachimangirizo cha mayeso a MSCE ingolembani "compare with", mawu enawa ndi a pocheza. Yeserani pa matimu a Bullets ndi Wanderers, simusowa wokuyankhani.