Momwe mungatenthetsere khola lalikulu la nsato, ng'azi kapena fulu

June na July kuno ku Lusaka usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, ndiye nthawi yomwe anthu osunga nsato amayamba kudandaula kuti yasiya kudya. Nyama izi sizipanga kutentha m'thupi ngati ife, zimadalira dzuwa, ndiye mu khola dzuwa lake ndinu. Koma musanagule chilichonse onetsetsani kuti muli ndi permit ya ku National Parks, ofesi ya boma yoona za nyama zakutchire ku Chilanga, nyama zakutchire sizisungidwa chisawawa.

Poyamba gawani khola pawiri, mbali yotentha ndi mbali yozizirirako. Kwa nsato mbali yotentha ikhale cha m'ma 30 mpaka 32, inayo cha m'ma 24 mpaka 26, kuti iziyenda yokha kusankha. Ng'azi imafuna powotherapo potentha kuposa pamenepo.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amagula babu limodzi lamphamvu kwambiri nkulipachika pakati. Nyama ya mamita atatu babu limodzi limangootcha kachigawo ka msana, thupi lonse lili zii, ndipo imakhalabe pompo mpaka khungu kupsa chifukwa sikumva kufunda. Ikani mababu a halogen atatu kapena anayi ochepa mphamvu mondandalika kumbali imodzi, kuti thupi lonse lilowe mu kutenthako. Babu lililonse mulitchinge ndi waya wa sefa, nsato imakonda kudzikulunga pa chinthu chofunda.

Kenako UVB, kuwala kosaoneka ndi maso komwe kumachokera ku dzuwa. Fulu ndi ng'azi popanda iyi mafupa amafewa, chigoba chimapindika, chifukwa thupi limalephera kugwiritsa ntchito calcium. Gulani chubu chachitali chotulutsa UVB, cha mtundu wa T5, muchiike pambali pa ma halogen aja, ndipo pakati pasakhale galasi, UVB siidutsa pa galasi. Chubu chimatha mphamvu chikuwalabe, ndiye pakatha chaka sinthani. Kunena zoona ngati muli ndi yadi, kumutulutsa fulu padzuwa la m'mawa kumaposa chubu chilichonse, bola pakhale mthunzi wothawirako.

Usiku mababu onse ndi chubu chija zizime, timer ya maola 12 imakwana. Kutentha kwa usiku kuchokere ku ceramic heater, iyo siwala, ndipo idutse pa thermostat, kachipangizo koizimitsa kutentha kukakwana, osati kulumikiza mwachindunji ku soketi ayi. Thermometer ikani ziwiri, mbali iliyonse yake, pansi pomwe nyama imagona.

Nanga malaiti akapita? Heater imadya batire ya inverter mofulumira, ndiye yambani ndi kutseka mphepo, matabwa kapena styrofoam kunja kwa khola, bulangeti pamwamba kusiya mpata wa mpweya. Mabotolo a madzi otentha okulunga mu thaulo amathandiza maola angapo. Mbaula yokha musayese, utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha nyama ndi mwini wake yemwe. Ndipo masiku ozizira choncho musaidyetse, chakudya chimangowola m'mimba.