Momwe mungatsatire nkhani ya Xol mu Destiny 2 n'kupeza mfuti ya Whisper of the Worm

Ambiri osewera gemu ya Destiny 2 amathamangira mfutiyi osadziwa chomwe anyamula. Ine ndikuti yambani mwawerenga, chifukwa mfutiyo ndi Xol mwiniwakeyo.

Choyamba, tsegulani webusaiti ya Ishtar Collective, musake Books of Sorrow, zolemba zomwe zinabwera ndi The Taken King, gawo lowonjezera la gemu yoyamba ya Destiny, mu 2015. N'zaulere ndipo sizidya bandulo. Mmenemo mupeza ana aakazi atatu a mfumu, Aurash, Sathona ndi Xi Ro, amene anatsikira pansi pa nyanja ya Fundament n'kukumana ndi milungu isanu yonga nyongolotsi zikuluzikulu: Yul, Eir, Ur, Akka ndi Xol. Pangano lake linali lowawa. Umeze mphutsi yawo, ukalamba usakukhudze, koma uziidyetsa ndi kupha mpaka kalekale. Ukalekeza, mphutsiyo imadya iweyo. Atatuwo ndiwo anasanduka Oryx, Savathûn ndi Xivu Arath.

Kenaka onerani Warmind, gawo lowonjezera la Destiny 2 la 2018, pa YouTube, poti nkhani yake ya ku Mars inachotsedwa mu gemu mu November 2020. Tsitsani kwalite ya vidiyo, chofunika ndi mawu. Muona Xol akudzuka pansi pa madzi oundana pamodzi ndi Nokris, mwana wa Oryx amene bambo ake anamukana, mpaka Guardian, msilikali amene wosewera amamuyendetsa, agwetsa Xol ndi nthungo ya Valkyrie. Apa m'pamene ambiri amasochera, kuyesa kuti wagonja. Ayi ndithu. Xol anadzisandutsa mfuti kuti aliyense amene mwapha nayo akhale chakudya chake.

Tsopano mishoni yopezera mfutiyo, The Whisper, imene inabwereranso mu April 2024. Gemu yenyeniyo ndi yaulere pa Steam, koma imaposa 100GB, choncho dawunilodani ndi bandulo ya usiku. Aja a m'magulu a Facebook amene amati muwapatse pasiwedi akutengereni mfutiyo pamtengo wochepa, atayeni. Bungie, kampani yopanga gemuyi, saloleza zimenezo, ndipo akaunti ikapita yapita.

Polumpha m'pamene ndinalirira. Mumayenda pa kakhonde kopyapyala, mdima uli bii, kuwala kofiira kokhakokha, kunsi kuli phompho. M'khoma mumatuluka zipupa zokankha. Ine ndi Titan wanga (mtundu umodzi wa Guardian) ndinkangolumpha mwaphuma, mutu n'kugunda denga, ndagwa. Ndinagwa pamalo amodzimodzi mpaka manja anachita thukuta pa padi, mphindi 40 zomwe mishoniyi imapereka zinatha ndisanaombe mdani ndi mmodzi yemwe. Tsiku lachiwiri ndinaima kaye n'kuwerenga kuti chipupa chikutuluka liti, chikubwerera liti. Dutsani chikangobwerera kumene. Denga likatsika, nyonyomalani, musalumphe. Onjezeraninso kuwala kwa sikirini, ndipo chepetsani nkhawa ya nthawi, chifukwa phuma ndilo limagwetsa anthu. Mawu a Xol akayamba kunong'ona, mvetserani: amene wawerenga Books of Sorrow tsitsi limamuimirira.

Mukafika m'chipinda chobiriwira musataye nthawi kukwera pamwamba, njira yachidule ili chapansi. Zotsalazo ndi kuomberana ndi adani otchedwa Taken basi. Pitani atatu, mmodzi azitha tiadani ting'onoting'ono, awiri alimbane ndi mabwana. Mfuti ikakhala m'manja, lasani katatu motsatizana pamalo ofooka a mdani, zipolopolo zidzadzanso zokha.