Kugula mfuti kwa munthu ku Joni: chenjerani ndi madobadoba komanso mfuti zokonzedwa kuseri

Abale anga, lamulo la mfuti la ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000, limapereka competency certificate, chiphaso chosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, kwa nzika kapena munthu wa permanent residence (chilolezo chokhaliratu m'dzikomo) basi. Popanda chiphaso chimenechi laisensi simungaione. Ngati muli pa pemiti ya ntchito, ya asylum kapena mukungodinditsa pasipoti, nkhani yathera pomwepa.

Kwa oyenerera njira ndi yodziwika: maphunziro, fomu ya SAPS 517 yopemphera chiphasocho, kenako SAPS 271 yopemphera laisensi kwa wapolisi woona za mfuti, DFO, pa polisi ya dera lanu.

Tsono dobadoba. Amabwera ndi kukamwa kotsekemera, akuti ali ndi munthu wake ku Pretoria, mupereke theka, mfuti mutenge lero, mapepala abwera pambuyo. Bodza lamkunkhuniza! Mfuti iyenera kukhala kwa mwini wake kapena kusitolo ya mfuti yovomerezeka mpaka laisensi itatuluka m'dzina lanu, ya mfuti yomweyo. Khadi la laisensi ya wogulitsa silikutetezani. Lisiti yolemba pamanja, ngakhale afidaviti yodindidwa kupolisi, si laisensi. Akakupezani ndi mfutiyo mulibe laisensi, chilango chimafika zaka 15 m'ndende, mapepala anu okhalira m'dzikomo ali pachiswe, foni ya dobadoba uja yazima. Chondiwawa kwambiri n'chakuti ena mwa iwo ndi akwathu, amakupatsani moni wa Chichewa kuti muwakhulupirire.

Mfuti yokonzedwa kuseri ndiye yoopsa koposa. Wina amapala sear, kachitsulo kogwira hamala yomenya chipolopolo, kuti trigger, pokokera powombera paja, ifewe. Akapala mopitirira, kamataya hamala kokha: mfuti imalira ikagwa pansi, kapena imatulutsa zipolopolo ziwiri mutakoka kamodzi. Ndime 4 ya lamuloli imaika mfuti yosinthidwa kuti iziwombera koposa kamodzi mukakoka kamodzi m'gulu la zoletsedwa, pamodzi ndi yodulidwa paipi, yosinthidwa calibre (kukula kwa chipolopolo chake) kapena yofufutidwa nambala popanda chilolezo cholembedwa cha Registrar, mkulu wa kalembera wa mfuti. Chilango chake chimafika zaka 25, ndipo woyamba kuyankha mlandu ndi amene wagwidwa nayo. Mawu oti “ndinaigula chonchi” mukawanena muli kale m'chitokosi.

Choncho musanapereke ngakhale dipoziti, yerekezani nambala ndi calibre za pamfuti ndi za pakhadi la wogulitsa, chilembo ndi chilembo. Mwini wake ainyamule yekha kupita nayo kwa gunsmith, katswiri wokonza mfuti, wa laisensi, ndipo mulandire lipoti lolembedwa. Akakana, musanyengerere, chokanipo.

Musadalire Consumer Protection Act, lamulo loteteza ogula. Sikhudza munthu wamba amene wangogulitsa katundu wake kamodzi. Pamgwirizano pakalembedwa mawu oti voetstoots, mwaigula mmene ililimo, ndipo kuti akubwezereni ndalama muyenera kutsimikiza kuti vutolo ankalidziwa n'kulibisa dala. Ndiye muumirizeni alembe chilichonse chomwe chinasinthidwa ndi amene anasintha, asaine, musungenso mauthenga a pa WhatsApp. Small Claims Court imamva milandu ya ndalama zochepa popanda loya. Inunso ogulitsa, ululani vutolo papepala. Ikavulaza munthu, dzina lanu lidzatchulidwa.

Ngati muli nayo kale, musaitaye, musagulitse kwa mnzanu, ndipo musayerekeze kuibisa m'katundu wodutsa pa Beitbridge. Onanani ndi loya, kaya wa Legal Aid South Africa, akuuzeni kaperekedwe kake kupolisi.